MUTU 9: KUPHUNZITSA KUFUNIKA KWA CILENGEDWE M'PHUNZIRO LA CINYANJA

Zolinga za mutu uwu

Pomaliza kuwerenga mutu uwu, wophunzira nchito ya uphunzitsi akhoze:

(a) kufotokoza zifukwa zimene munthu ayenera kulemekezera ndi kuchinjiriza cilengedwe;
(b) kuonetsa m'mene ciyankhulo ca Cinyanja cinamangikira pa malo amene eni ake akhalamo;
(c) kukonza phunziro la Cinyanja lokhala ndi mutu wa cilengedwe;
(d) kutsogolera zokambirana pa nkhani zobvuta, monga kuocha makala, popanda kucititsa mwana ali yense manyazi.

1. Mau oyamba

Tikanena cilengedwe titanthauza zinthu zonse zotizungulira zimene munthu sanapange ndi manja ake: nthaka, madzi, mpweya, mitengo, udzu, nyama, mbalame, nsomba ndi tizilombo. Aphunzitsi ambiri amayesa kuti nkhani imeneyi ndi ya phunziro la sayansi lokha, ndipo kuti nchito ya mphunzitsi wa Cinyanja ithera pa kuwerenga, kulemba ndi malamulo a ciyankhulo. Maganizo otere ndi operewera.

Mwana amasamala cinthu cimene acidziwa dzina ndi phindu lake. Kwa mwana amene adziwa liu limodzi lokha lakuti "mtengo", nkhalango yonse ndi nkhuni zimene zikali ciimire. Koma amene atha kusiyanitsa msuku, mlombwa, msangu ndi mombo amadziwa kuti uwu upatsa zipatso, uwu matabwa, uwu conde m'munda, ndipo uwu luzi. Nzeru zimenezi zasungidwa m'ciyankhulo, ndipo wozipereka kwa ana m'sukulu ndi inu, mphunzitsi wa Cinyanja. Cotero muyenera kuyamba mwazidziwa bwino zifukwa zosamalira cilengedwe musanaganize za njira zoziphunzitsira.

2. Zifukwa zosamalira cilengedwe

2.1 Cilengedwe ndi nkhokwe ya cakudya ndi mankhwala

M'midzi yambiri ya ku Cigawo ca Kum'mawa nkhokwe zimayamba kupepuka mvula ikamayandikira, ndipo miyezi ya Disembala kufikira Febuluwale ndiyo ya njala. Pa nyengo yomweyi chire limatulutsa masuku, bowa, ngumbi, mphalabungu ndi ndiwo zomera zokha monga bonongwe, luni ndi therere. Banja losauka limapulumukira pa zimenezi, pozidya ndiponso pozigulitsa m'mbali mwa mseu.

Ana ayenera kudziwa kuti zakudyazi zimadalirana ndi mitengo. Mitundu yambiri ya bowa wa m'nkhalango imakhala yolumikizana ndi mizu ya mitengo monga mombo ndi msuku: bowa amalandira cakudya kucokera ku mtengo, ndipo iye amathandiza mizu kutenga madzi ndi mcere wa m'nthaka. Ici ndico cifukwa cake bowa wotere samera m'munda wa cimanga, ndipo amazimirira pamene mitengo yatha. Njuci nazo zimapanga uci kucokera ku maluwa a mitengo, ndipo pouluka m'minda zimathandiza maungu ndi mpendadzuwa kubereka. Asing'anga amapeza mizu, makungwa ndi masamba a mankhwala m'chire momwemo. Wodziwa nchito yake amasenda khungwa mbali imodzi yokha, pakuti mtengo wosendedwa kuzungulira thunthu lonse umauma.

2.2 Mitengo isunga madzi ndi nthaka

Mvula ikagwa pa phiri la mitengo, masamba amacepetsa mphamvu ya madontho, zinyalala za pansi zimaimitsa madzi, ndipo mizu imawatsegulira njira yolowera m'nthaka. Madzi amenewo ndiwo amatuluka pang'onopang'ono m'madambo, m'zitsime ndi m'mitsinje m'nyengo ya cilimwe. Pa phiri lopanda mitengo madzi amathamanga tsiku lomwelo, nakokolola nthaka yaconde, nakumba zigwembe, nadzaza mcenga m'mitsinje ndi m'madamu. Ali yense woona mapiri ozungulira mzinda wa Chipata angathe kusiyanitsa mbali zimene zikali ndi mitengo ndi zimene zinametedwa. Zimene zicitika pa mapiri otere zimafika kumadzi amene anthu a m'munsi amamwa.

Cilala ca caka ca 2024 cinaonetsa m'mene moyo wa dziko lonse udalira madzi. Pa 29 Febuluwale 2024 Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilalaco cinali tsoka la dziko lonse, cimanga ca pa mahekitala pafupifupi miliyoni imodzi citaonongeka. Madzi anatsika kwambiri m'nyanja ya Kariba, ndipo popeza magetsi ambiri a m'Zambia amapangidwa ndi mphamvu ya madzi, m'mizinda munakhala mdima kwa maola ambiri tsiku liri lonse. Mphunzitsi asauze ana kuti cilalaco cinadza cifukwa ca mitengo yodulidwa m'mudzi mwao, pakuti gwero lake linali kusintha kwa nyengo kochedwa El Niño. Coona cimene angawauze ndi ici: pa cilala cimodzimodzi, munda wokhala ndi mitengo ndi zinyalala zophimbira nthaka umasunga cinyezi nthawi yaitali koposa munda woochedwa ndi wopanda kanthu.

Citsanzo cabwino ndi msangu. Mtengowu umayoyola masamba m'nyengo ya mvula, mitengo ina ikamaphuka, motero sucititsa mthunzi pa mbeu; masamba akewo amaola ndi kuonjezera conde. Pa malo ofufuzira za ulimi a Msekera, pafupi ndi Chipata, akatswiri anaonetsa kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kuti munda wotopa umabwerera mphamvu ukagonekedwa kwa zaka ziwiri ndi mitengo monga jerejere.

2.3 Cilengedwe ndi cuma

Nkhalango yosungira nyama ya South Luangwa, imene inakhazikitsidwa monga paki ya dziko m'caka ca 1972, ndi yaikulu masikweya kilomita 9,050. M'cigwa ca Luangwa muli mtundu wa nyamalikiti wochedwa Thornicroft umene supezeka kwina kuli konse pa dziko lapansi. Alendo ocokera kutali amalipira ndalama kuti aone nyamazi, ndipo ndalamazo zimalemba nchito anthu a ku Mfuwe: operekeza alendo, ophika, oyendetsa magalimoto, olima ndiwo ndi osema ziboliboli. Ganizo lakuti eni dziko ayenera kupindula ndi nyama zao si lacilendo m'cigwaci. M'caka ca 1950 Mfumu Nsefu ya Akunda inagwirizana ndi Norman Carr kupatula gawo la dziko lake kuti alendo adzionerako nyama, ndipo ndalama zolipira zinali kubwerera kwa anthu a mfumuyo.

Njobvu yophedwa imadyedwa kamodzi, koma yamoyo imabweretsa alendo kwa zaka makumi ambiri. Cimodzimodzi mitengo ya matabwa monga mlombwa ndi mbawa: imatenga zaka zoposa msinkhu wa mwana wa sukulu kuti ikhwime, koma imagwa pa ola limodzi. M'zaka za m'ma 2010 mitengo ya mukula inadulidwa mwaumbombo ndi kutumizidwa kunja, ndipo m'caka ca 2019 maiko anaika mtengowu pa mndandanda wa zacilengedwe zimene malonda ake ayenera kuyang'aniridwa. Midzi imene mitengoyo inacokera inatsala ndi zitsa, pamene phindu lalikulu linapita kwa ena.

2.4 Cilengedwe ndi muzu wa miyambo ndi ciyankhulo

Cifukwa ici ndico cikhudza kwambiri mphunzitsi wa Cinyanja. Pa mwambo wa Kulamba, umene ucitika ku Mkaika m'boma la Katete m'mwezi wa Ogasiti, Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana pamaso pa Kalonga Gawa Undi. Gule Wamkulu amene abvinidwa kumeneko, yemwe bungwe la UNESCO linamzindikira m'caka ca 2005 monga cuma ca anthu a dziko lonse lapansi, ali ndi zilombo zofanizira nyama za m'chire, ndipo ng'oma zake zimasemedwa ku mitengo. Pa Nc'wala, ku Mtenguleni m'mwezi wa Febuluwale, Angoni amathokoza cifukwa ca zipatso zoyamba za m'munda. M'midzi yambiri malo okha amene mitengo yakale ikali ciimire ndi kumanda, pakuti mwambo suloleza kudulako nkhuni. Makolo anali ndi malamulo ao osungira cilengedwe boma lisanalembe ake.

Ngakhale ziwongo zathu zicitira umboni: Phiri, Mvula, Njobvu, Ngulube. Miyambi nayo yadzala ndi zomera ndi nyama. Timati, "Cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere." Mwana amene sanang'ambepo nkhuyu angathe kuloweza mwambiwu, koma sangamve kukoma kwake. Timati, "Nkhanga zinapangana kusanapse." Kodi mwana amene sanaonepo nkhanga ya m'chire, kapena kuona m'mene moto wolusa umathamangira m'udzu wouma, adzaumvetsa bwanji? Cinthu cikatha m'chire, dzina lake limatsala m'kamwa mwa okalamba okha, ndipo iwo akapita limapita nao. Kutha kwa nkhalango ndi kusauka kwa Cinyanja.

2.5 Cotayika sicibwerera msanga

M'zaka za m'ma 1970 cigwa ca Luangwa cinali ndi zipembere zikwi zingapo. Opha nyama mosaloledwa anazitha cifukwa ca nyanga zake, ndipo m'caka ca 1998 kunalengezedwa kuti m'Zambia simunatsale cipembere cakuda ngakhale cimodzi. M'caka ca 2003 zipembere zisanu zinabwera pa ndege kucokera ku South Africa kudzaikidwa ku North Luangwa, kumene zasungidwa ndi alonda usana ndi usiku. Cimene makolo anali naco kwaulere, mbadwo uno wacibwezera ndi ndalama zambiri ndi nchito ya zaka zambiri.

Malipoti a boma akhala akunena kuti dziko la Zambia limataya nkhalango ya mahekitala pakati pa 250,000 ndi 300,000 caka ciri conse, makamaka cifukwa ca kutsegula minda yatsopano ndi kuocha makala. Ana amene ali m'kalasi mwanu ndiwo adzakhala m'dziko limene lidzatsala. Akulu anati, "Citsime cidziwika kuya cikaphwa." Nchito ya sukulu ndi kuthandiza ana kudziwa kuya kwake cikali ndi madzi.

3. Zoona zimene mphunzitsi sayenera kubisa

Phunziro la cilengedwe limalephera pamene mphunzitsi alisandutsa ulaliki wodzudzula. M'kalasi mwanu mudzakhala mwana amene yunifomu yake ndi makope ake zinagulidwa ndi ndalama za makala. Mukanena kuti oocha makala ndi adani a dziko, mwanyoza atate ake pamaso pa anzake, ndipo mwanayo adzatseka makutu. Thandizani ana kuona nkhani yonse: woocha ali kumudzi, koma mbaula iri m'tauni, ndipo magetsi akazima ogula makala amaculuka. Funso loyenera si lakuti, "Wolakwa ndani?" koma lakuti, "Kodi banja lingapeze bwanji ndalama nkhalango osatha?" Apa mungachule ulimi wa njuci, kudula nthambi m'malo mwa thunthu, kusamala mphukira za pa zitsa kuti zikule, ndi mbaula zosatha makala ambiri. Lamulo la za nkhalango la caka ca 2015 limalola anthu a m'midzi kupanga magulu oyang'anira nkhalango zao ndi kupindula nazo.

Cimodzimodzi, mphunzitsi wa m'boma la Mambwe asayamikire kukongola kwa njobvu ngati kuti sadziwa kuti njobvuzo zimatha munda wa banja usiku umodzi, ndipo nthawi zina zimapha anthu. Bvomerezani bvutolo poyera, ndipo kambiranani njira zimene alimi amayesa, monga mipanda yopakidwa tsabola ndi kulondera minda mogwirizana. Bungwe la COMACO, limene linayamba m'caka ca 2003 m'cigwa ca Luangwa, limagula mbeu monga nsawawa, mpunga ndi soya kwa alimi amene alonjeza kusiya kupha nyama, ndipo ambiri apereka mfuti ndi misampha yao. Citsanzo cotere cimaonetsa ana kuti kusamala cilengedwe ndi kudyetsa banja zingathe kuyendera limodzi.

4. Njira zophunzitsira

(a) Ulendo woona malo. Tulukani ndi ana kuzungulira sukulu, kudambo kapena m'mbali mwa mtsinje. Gulu liri lonse lilembe maina a mitengo, udzu, mbalame ndi tizilombo timene laona. Mukabwerera m'kalasi, konzani kalembedwe ka mauwo ndi kuwapacika pa cipupa. M'kalasi ya ana a zinenero zosiyana mudzapeza kuti mtengo umodzi uli ndi dzina la Cicewa, la Cinsenga ndi la Citumbuka. Landirani onse, kenaka muonetse limene ligwiritsidwa nchito m'mabuku. M'sukulu za m'tauni, monga ku Lusaka, msika ungalowe m'malo mwa chire: ana afunse ogulitsa masuku, bowa, uci ndi makala kumene katundu wao acokera.

(b) Kufunsa akuluakulu. Ana akonze mafunso m'kalasi, aphunzire mau aulemu oyankhulira ndi agogo kapena anyakwawa, ndipo akafunse m'mene mtsinje wa kwao unaliri kale, nyama zimene zinalipo, ndi malamulo amene anali kusungidwa pa za moto ndi mitengo ya zipatso. Nchito imeneyi iphunzitsa kumvetsera, kuyankhula ndi kulemba mwacidule pa nthawi imodzi.

(c) Miyambi, zirapi ndi nthano. Musapereke tanthauzo la mwambi musanafunse ana cimene adziwa za nyama kapena mtengo wochulidwamo. Cirapi conga cakuti, "Kanyumba kanga ka mzati umodzi," cimene yankho lake ndi bowa, cingatsegule phunziro lonse la zakudya za m'chire. Ana alimbikitsidwe kupeka zirapi zao za zinthu zimene anaona pa ulendo.

(d) Malamulo a ciyankhulo. Maina a mitengo ndi zipatso zake ndi zitsanzo zabwino za magulu a maina ndi kugwirizana kwa mau: msuku uwu, misuku iyi, masuku awa, mkuyu uwu, mikuyu iyi, nkhuyu izi, mlambe uwu, milambe iyi, malambe awa. Pophunzitsa kusintha kwa aneni, tengani tsinde lakuti "dula": dulira, dulitsa, dulidwa, dulika. Funsani ana kusiyana kwa ziganizo izi: "Mitengo yadulidwa," "Tadula mitengo," ndi "Ogula makala adulitsa mitengo." Adzaona okha kuti ciganizo coyamba cibisa wocita, caciwiri cimuulula, ndipo cacitatu cionetsa wina amene sanagwire nkhwangwa koma ali nalo gawo.

(e) Mtsutso ndi sewero. Mutu wonga wakuti, "Kuocha chire posaka mbewa kuletsedwe," umakoka ana onse cifukwa nkhaniyo aidziwa. Mbali zonse ziwiri zipatsidwe mpata wofanana. Pomaliza mungafotokoze kusiyana kwa moto wa mwezi wa Meyi kapena Juni, udzu ukali wauwisi pang'ono, ndi moto wolusa wa Seputembala ndi Okutobala umene umapha mitengo yaing'ono.

(f) Cimangirizo ndi kalata. Perekani mitu yokhudza malo amene ana akhala, monga "Mtsinje wa kwathu kale ndi lero," kapena kalata yopita kwa anyakwawa yopempha malo obzalapo mitengo. Mitu yotere imaletsa kukopera ndipo imapatsa mwana cinthu cakecake conena.

5. Citsanzo ca dongosolo la phunziro

Kalasi: Giredi 6
Nthawi: Mphindi 40
Mutu: Kumvetsera ndi kuyankhula
Mutu waung'ono: Mitengo ya kwathu ndi nchito zake
Zipangizo: masamba, makungwa akugwa okha ndi zipatso za mitengo isanu ya pafupi ndi sukulu, makadi a maina
Zolinga: Pakutha pa phunziro ana akhoze kuchula mitengo isanu ndi maina ake, kunena phindu la mtengo uli wonse m'ciganizo cathunthu, ndi kupereka zifukwa ziwiri zosamalira mitengo.

Ciyambi (mphindi 5): Mphunzitsi aponye cirapi ca bowa. Ana akayankha, awafunse kumene bowa amamera ndi cifukwa cake sapezeka pa bwalo la mpira.

Gawo loyamba (mphindi 10): Ana akhale m'magulu asanu. Gulu liri lonse lilandire tsamba kapena cipatso, lipeze dzina la mtengo wake, ndi kusankha khadi loyenera.

Gawo laciwiri (mphindi 12): Woimira gulu afotokozere kalasi nchito za mtengowo. Magulu ena aonjezere kapena kufunsa. Mphunzitsi alembe mau atsopano pa bolodi ndi kukonza kachulidwe.

Gawo lacitatu (mphindi 8): Mphunzitsi afunse kuti, "Mtengo uwu utatha m'dera lathu, ndani angayambe kubvutika, ndipo cifukwa ninji?" Ana akambirane awiriawiri asanayankhe.

Mathero (mphindi 5): Ana anene zifukwa zosamalira mitengo m'mau aoao, ndipo mphunzitsi alembe zitatu zimene kalasi yagwirizana.

Nchito ya kunyumba: Mwana ali yense akafunse munthu wamkulu dzina la mtengo umodzi umene unali wambiri kale koma tsopano usowa, ndipo alembe ziganizo zisanu za mtengowo.

6. Kucokera m'kalasi kupita pabwalo

Mau opanda nchito sakhalitsa m'mtima wa mwana. Makalabu a Chongololo, amene anayamba m'sukulu za m'Zambia m'caka ca 1972, ndi njira imodzi yopitirizira zimene zaphunziridwa. Nyengo yobzala mitengo m'dziko lathu imayamba pakati pa mwezi wa Disembala, sukulu ziri pa chuthi, cotero konzani nazale yanu kusanafike nthawiyo kuti mbande zibzalidwe sukulu zikangotsegulidwa, mvula ikali kugwa. Kubzala ndi nchito ya tsiku limodzi, koma kuthirira, kuchinga mbuzi ndi kulambula udzu kuopa moto ndi nchito ya zaka. Mtengo uli wonse ukhale ndi ana ouyang'anira ndi cikwangwani ca dzina lake m'Cinyanja. Musabzale mitengo yacilendo yokhayokha. Pakhalenso msangu, mbawa ndi mkuyu, kuti ana a mtsogolo adzaone ndi maso zimene awerenga m'miyambi. Paja m'mera mpoyamba.

7. Zocita ndi mafunso

1. Fotokozani m'mau anuanu zifukwa zisanu zosamalira cilengedwe, ndipo pa cifukwa ciri conse perekani citsanzo ca kwanu cimene sicinachulidwe m'mutu uwu.
2. Sonkhanitsani miyambi khumi yochula nyama, mbalame kapena mitengo. Ndi iti mwa iyo imene mwana wokulira m'tauni angabvutike kuimvetsa? Mungamthandize bwanji?
3. Lembani maina a mitengo makumi awiri ya m'dera la koleji yanu, muwaike m'magulu a maina, ndipo muonetse kuculukitsa kwake.
4. Pa nthawi ya zokambirana mwana wina wanena kuti, "Atate akaleka kuocha makala, tidzadya ciani?" Kambiranani m'magulu m'mene mungamuyankhire.
5. Konzani dongosolo la phunziro la cimangirizo la Giredi 5 pa mutu wa madzi, ndipo muliphunzitse kwa anzanu kuti akuuzeni zofunika kukonza.